Tinalipo Ambiri, Ndinangotumidwa

Adzukulu anga, magazi akakhetsedwa mnyamata ali pomwepo, pakamwa pake pamatuluka mayankho awiri. Loyamba: "Tinalipo ambiri." Lachiwiri: "Ine ndinangotumidwa." Mayankho amenewa amveka pabwalo la amfumu, amveka kupolisi, amvekanso m'makhoti akuluakulu a kunja. Ndikufuna tiwayese kulemera kwake lero, mitima ili m'malo, tsiku lowafuna lisanakufikireni.

Ndidzera ku mafilimu, poti n'kumene ambiri a inu mumaphunzirira za kulakwa ndi kulanga, kaya m'kanyumba koonetsera kanema kumsika, kumene azungu ndi amwenye amayankhula Chichewa, kaya pafoni usiku. Sindikukuletsani kuonera. Dandaulo langa n'lakuti mafilimu obwezera amene mumawakondawa amakubisirani gawo lalikulu la nkhani. Taonani Commando ya 1985. Zigawenga zimubera Arnold Schwarzenegger mwana wamkazi, iye azilondola mpaka pachilumba, apha asilikali osawerengeka, atenga mwana wake, akwera ndege, filimu n'kuthera pomwepo. Palibe siwa, palibe mayi wobwera kudzazindikira mtembo, palibe woweruza wofunsa kuti mwa anthu agona apawa analakwa ndani, ndipo analakwa chiyani. Nkhani ya kupha munthu imayamba kukacha, ndipo mafilimu otere amatha kusanache.

Alipo mafilimu akale, a zithunzi zakuda ndi zoyera, amene anadikira kuti kuche. Imodzi ndi Fury, ya 1936. Anaikonza Fritz Lang, amene anachoka ku Germany mu 1933, chaka chimene Hitler anatenga boma, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba ku America.

Mwini nkhani ndi Joe Wilson, amene anamusewera Spencer Tracy. Ndi munthu wamba, wogulitsa petulo pamodzi ndi abale ake awiri. Wasunga ndalama, wagula kagalimoto, ali paulendo wokakwatira bwenzi lake Katherine. Panjira wapolisi amuimitsa. M'deralo mwabedwa mtsikana ndipo omubawo afuna ndalama zomuwombolera. M'thumba mwa Joe apezamo mtedza wamchere umene ankakonda kukukuta, pamene pa kalata ya akuba aja panapezeka nyenyeswa za mtedza. Apezanso ndalama imodzi ya madola 5 yokhala ndi nambala yofanana ndi ya ndalama zowombolera zija. Umboni wonse ndi womwewo basi. Mkulu wa apolisi amutsekera m'chitokosi kuti ayambe wafufuza, monga mwa ntchito yake.

Apa mpamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa Lang akuonetsa mmene moto umayambira machesi asanatulutsidwe. Wapolisi wamng'ono uja apita kokameta, ndipo pofuna kutchuka aulula kuti agwira munthu. Wometa aimbira lamya mkazi wake. Mkaziyo auza mnzake wa nyumba yoyandikana nayo, mnzakeyo akauza ena kusitolo, aliyense akuwonjezerapo kake. Pakati pa misecheyo Lang anaikapo chithunzi cha nkhuku zikutetera. Pofika madzulo kumowa, woganiziridwa uja wasanduka wakuba wotsimikizika, madola 5 aja asanduka mpukutu wa ndalama, ndipo amuna amene sanamuonepo nkhope akufunsana kuti akudikiranji. Mkulu wa apolisi apempha asilikali, koma andale aletsa kuti asapite, kuopa kukwiyitsa ovota. Chigulu chithyola chitseko ndi mtengo, ndipo chitalephera kufika pamene pali Joe, chiyatsa ndende yonse. Kamera iyenda pankhope za oonerera zikuwala ndi malawi. Mayi wina wakweza khanda lake m'mwamba kuti lione bwino. Bambo wina akutafuna chakudya chake, maso ali pamoto. Katherine afika mochedwa, aona nkhope ya Joe pazenera la zitsulo, n'kukomoka.

Kukacha, nkhani imveka yoti akuba enieni agwidwa kwina.

Tauni yonse igwirizana kutseka pakamwa. Anthu 22 atengeredwa kukhoti pa mlandu wakupha, ndipo mboni iliyonse ilumbira kuti uyu anali kunyumba, uyu anali kuntchito, uyu sanatuluke tsiku lonse. Ngakhale mkulu wa apolisi, amene anamugenda usiku uja, anena kuti sanazindikire aliyense. Woimira boma awasiya onse aname mpaka atatha. Kenako apempha kuti azimitse magetsi m'khoti, abweretsa makina oonetsera kanema, chifukwa usiku wa moto uja panali ojambula nkhani amene anthu sanawalabadire. Filimu iyenda, n'kuima pankhope imodzi: uyu akutsogolera othyola chitseko. Iyendanso, n'kuima: mayi uyu, amene amati anali kwawo, akuponya chikuni chamoto. Iyendanso: bambo uyu akudula ndi nkhwangwa paipi ya ozimitsa moto. Aliyense akudziona yekha, dzina lake likutchulidwa, mkazi wake kapena mwamuna wake atakhala kumbuyo kwake. Chigulu chija chasowa. Patsala anthu 22, aliyense ndi chimene dzanja lake linachita.

Mu 1936 pankafunika makina olemera kuti zimenezi zitheke. Lero pa gulu lililonse lozinga wakuba pamsika mafoni amakhala m'mwamba, ndipo mtembo usanazizire kanema amakhala atafika pa WhatsApp ya anthu a ku Johannesburg. Lamulo lathu nalo siliwerenga gulu, limawerenga anthu. Ndime 21 ya Penal Code imati wothandizira, wolimbikitsa ndi wotuma ali ndi mlandu womwewo wa amene anachita ndi manja. Ndime 22 imati anthu akagwirizana kuchita chinthu choletsedwa, ndiyeno pochita chinthucho n'kuchitika mlandu umene unkayembekezereka, aliyense wa iwo amatengedwa kuti wauchita. Ndiye kuti wothamangira petulo, wogudubuza tayala, wogwira miyendo, ndi wokuwa kuti "Muotcheni!" onse angathe kuyankha mlandu wa ndime 209, wakupha mwadala, limodzi ndi woyatsa machesi. Mlandu si nsima yoti mukachuluka pambale aliyense adya pang'ono. Aliyense amausenza wathunthu. Wongoima n'kumaonerera, lamulo mwina silimugwira, koma iyenso adziwe kuti woyatsa machesi amalimba mtima chifukwa cha maso amene amuzungulira. Ali yekha sangayatse.

Filimuyi ili ndi mbali ina imene oonera ambiri amaidutsa msanga. Joe sanafe. Bomba limene anthu anaponya pamotopo linatsegula chitseko cha chipinda chake, iye n'kuthawa atapsa. Anabisala, nauza abale ake kuti akankhe mlanduwo mpaka anthu 22 aja anyongedwe chifukwa cha imfa yake, iye ali moyo, akumvetsera pawailesi. Amene anamulakwira anamulakwiradi, ndipo palibe woonera amene samumvera chisoni. Koma Katherine atazindikira kuti ali moyo, amuuza maso ndi maso kuti zimene akuchitazo n'zomwe zija anthu anamuchitira. Pamapeto Joe alowa yekha m'khoti chigamulo chikuwerengedwa. Ndikunena izi kwa inu amene munalakwiridwapo, amene anakuthyolerani nyumba kapena kukupherani mbale. Kupweteka kwanu n'koona, koma sikukupatsani chilolezo. Zimene mudzachite pobwezera zidzakhala zanu, ndipo mudzaziyankha nokha.

Ndikudziwa zimene mukufuna kundiyankha. "Agogo, uyo anali wosalakwa. Nanga amene tamugwira foni ili m'manja?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo nkhani yeniyeni imene filimuyi inachokera ikuliyankha. Mu Novembala 1933, ku San Jose m'chigawo cha California, anaba Brooke Hart, mnyamata wa zaka 22, mwana wa mwini sitolo yaikulu ya mumzindamo. Apolisi anagwira amuna awiri, Thomas Thurmond ndi John Holmes, ndipo analengeza kuti avomera kuti anamupha. Tsiku limene mtembo unapezeka m'nyanja, pa 26 Novembala, khamu la anthu linathyola ndende usiku, n'kukawapachika pamitengo ya m'paki ya St. James. Bwanamkubwa wa California, James Rolph, amene anakana kutumiza asilikali, anayamikira zimenezi poyera, nalonjeza kukhululukira aliyense amene angamangidwe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa ziwirizo. Mwina amuna awiriwa anaphadi. Koma mawu amene munthu wavomera m'chipinda cha apolisi, popanda loya, sanayesedwe pamaso pa woweruza, ndipo sadzayesedwanso. Ngati panali wachitatu, ngati wina anamukakamiza, ngati mmodzi anachita zambiri kuposa mnzake, zonsezo zinapachikidwa nawo pamtengo. Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chigulu sichifunsa za dzaye.

Ndipo chikazolowera kusafunsa, sichisankhanso. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, chonsecho lamulo la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndiwo mlandu. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anamuotcha. Amene anachita zimenezi anali otsimikiza mumtima, monga mmene inu mumakhalira otsimikiza za wa foni uja.

Mkwiyo wanu pa apolisi ndi makhoti sindikuupeputsa. Mumagwira wakuba Lolemba, Lachinayi mukumana naye pamsika akukusekani. Ziphuphu zilipo, mafayilo amasowa, ndipo wosauka amachedwa kupeza chilungamo. Koma dziwani kuti nthawi zambiri amene mwakumana nayeyo watuluka pa belo, ndipo belo si kutha kwa mlandu. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino imati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ndime imeneyi inalembedwa mu 1994 ndi anthu amene anaona abale awo akukhala kundende ya Mikuyu zaka zambiri osaonekera kukhoti. Tsiku limene wina adzakuloza chala pa depoti chifukwa malaya ako afanana ndi a wothawa, ndime imeneyi ndi yokhayo imene idzaime pakati pa iwe ndi tayala.

Taonaninso mmene boma lenilenilo limachitira mantha ndi imfa. Silinanyonge munthu chiyambire 1992. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti n'kuphwanya malamulo aakulu kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha, woweruza asanamve za msinkhu wake, za mutu wake ndi za mmene zinthu zinachitikira. Kuyambira 2015 akaidi amene anali ndi chilango chimenechi anamvedwanso mmodzimmodzi, ndipo oposa 100 anatuluka. Ngati majaji, okhala ndi maloya ndi madokotala owathandiza, amazengereza chotere pa munthu amene wapha mnzake, n'chiyani chimene chingakulungamitseni inu kupha munthu chifukwa cha foni, mbuzi kapena thumba la chimanga?

Tsopano yankho lachiwiri lija, la wotumidwa. Ili ndi loopsa kuposa loyamba, chifukwa silifuna mkwiyo kapena mowa. Limanenedwa ndi anthu odekha, ovala bwino, ophunzira.

Mumzinda wa Nuremberg ku Germany munali nkhalamba yotchedwa Leo Katzenberger, wa malonda a nsapato, mtsogoleri wa Ayuda a mumzindamo. Mu 1932 kunabwera mtsikana wojambula zithunzi, Irene, amene pambuyo pake atakwatiwa anatchedwa Irene Seiler. Bambo ake anapempha Katzenberger kuti aziwaonera mwana wawo, ndipo mtsikanayo anachita lendi m'nyumba ina ya kampani yake. Nkhalambayo inkamuyendera, kumupatsa maluwa, nsapato, ndi kumuthandiza ndalama zikavuta. Anthu a m'nyumba zoyandikana ankasuzumira pamawindo n'kumanong'onezana. Mu 1935 boma la Nazi linakhazikitsa lamulo loletsa Myuda kugonana ndi Mjeremani, ndipo miseche ija inapeza pogwira. Mu 1941 wina anakanena, Katzenberger n'kumangidwa.

Onse awiri anakana. Irene analumbira kuti ankamutenga ngati bambo ake. Woweruza woyamba amene anafufuza nkhaniyo anaona kuti palibe umboni, ndipo anali pafupi kumutulutsa. Apa mpamene analowererapo Oswald Rothaug, mkulu wa khoti lapadera la mumzindamo. Anautenga mlanduwo kuti auzenge yekha. Poti Irene ndiye anali mboni yokhayo yoikira kumbuyo nkhalambayo, anamuimba mlandu wonama atalumbira, n'kumukhazika pamodzi ndi woimbidwa mlandu kuti mawu ake asakhalenso umboni. Poti lamulo la 1935 lija chilango chake chinali ndende chabe, Rothaug anawonjezerapo lamulo la nthawi ya nkhondo, lolanga ndi imfa anthu opezerapo mwayi pa mdima umene unkakhalapo magetsi akazimitsidwa poopa ndege za adani, ponena kuti nkhalambayo inkayendera mkaziyo madzulo mwamuna wake ali ku usilikali. Dokotala amene anatumidwa kukamuyeza womangidwayo anadzachitira umboni pambuyo pake kuti Rothaug anamuuziratu kuti kuyezako n'kongokwaniritsa mwambo, poti munthuyo adulidwa mutu basi. Mlandu unazengedwa mu Malichi 1942, akuluakulu a chipani atadzaza khoti. Mu Juni chaka chomwecho Katzenberger anadulidwa mutu kundende ya Stadelheim ku Munich, ali ndi zaka 68. Irene anagamulidwa zaka ziwiri.

Werengani manja amene anagwira imfa imeneyi. Woyandikana naye amene anakanena. Mboni zimene zinafotokoza za maluwa. Woimira boma amene anasintha mlandu monga anauzidwira. Dokotala. Oweruza ena awiri amene anakhala kumanja ndi kumanzere kwa Rothaug n'kusaina chigamulo. Kalaliki amene anachitayipa. Palibe anakuwa, palibe anaponya mwala, ndipo aliyense akanatha kupita kunyumba n'kukauza mkazi wake kuti wagwira ntchito yake basi.

Nkhondo itatha, maiko opambana anagwirizana ku London mu Ogasiti 1945 za mmene adzazengere milandu ya atsogoleri a Nazi, ndipo mu ndime 8 ya mgwirizanowo analemba kuti kulamulidwa ndi boma kapena ndi mkulu wako sikuchotsa mlandu, kungathe kungochepetsa chilango. Mu 1947, mumzinda womwewo wa Nuremberg, khoti la Amereka linazenga mlandu wa majaji ndi akuluakulu a unduna wa zachilungamo. Anaimbidwa mlandu anthu 16, ndipo 10 anapezeka olakwa. Anayi, kuphatikizapo Rothaug, anagamulidwa kukhala kundende moyo wonse. Irene Seiler anabwera kudzachitira umboni.

Mlandu umenewu ndiwo unabala filimu ya Judgment at Nuremberg, imene Stanley Kramer anaitulutsa mu 1961. Spencer Tracy yemwe uja, tsitsi litayera, ndiye woweruza wa ku America. Nkhani ya Katzenberger ilimo, maina atasinthidwa, Judy Garland akusewera mkazi uja. Koma olemba filimuyi anachita mwanzeru. Sanaike patsogolo munthu wankhanza ngati Rothaug, amene aliyense angamude mosavuta. Anaika jaji wina wongopeka, Ernst Janning, amene anamusewera Burt Lancaster: katswiri wa malamulo, wolemba mabuku, wolemekezeka ngakhale kunja, amene ankanyansidwa ndi Hitler koma anakhalabe pampando poganiza kuti zimenezi n'zakanthawi ndiponso kuti dziko likufunika bata. Loya wake, amene anamusewera Maximilian Schell mpaka kupata mphoto ya Oscar, akuti jaji sapanga malamulo, amangowatsata, ndipo ngati Janning ali wolakwa ndiye kuti maiko onse amene anachita malonda ndi mapangano ndi Hitler ndi olakwanso. Mumve bwino pamenepa: mayankho awiri aja akumana pakamwa pamodzi. Anangotumidwa, ndiponso analipo ambiri. Zambiri zimene loyayo akunena za maiko ena n'zoona, ndipo n'chifukwa chake filimuyi imavutitsa mtima. Koma kulakwa kwa ena sikufufuta siginecha ya Janning pa chigamulo.

Kumapeto woweruza uja akamuona Janning m'chipinda chake cha kundende. Janning amuchonderera kuti akhulupirire kuti iye sankadziwa kuti zidzafika pa kupha anthu mamiliyoni. Woweruzayo amuyankha kuti zinafika pamenepo tsiku loyamba limene anagamula imfa kwa munthu amene ankadziwa kuti ndi wosalakwa. Mawu amenewa ndimawakhulupirira ndi mtima wonse. Munthu saonongeka pa tsiku la chinthu chachikulu. Amaonongeka tsiku limene anavomera kachinthu koyamba akudziwa kuti n'koipa, chifukwa wamkulu wanena, chifukwa ntchito ndi yosowa, chifukwa ana akufuna fizi.

Sindikubisirani kuti chilango cha makhoti nthawi zambiri chimachepa poyerekeza ndi mlandu. Filimuyi imatha ndi mawu olembedwa onena kuti mwa anthu 99 amene makhoti a Amereka ku Nuremberg anawagamula ukaidi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali adakali m'ndende pamene filimuyi inkatuluka. Rothaug wa moyo wonse uja anatuluka mu 1956, nakafera kunja kwa ndende mu 1967. Oweruza awiri omuthandiza aja anadzazengedwa mlandu mu 1968, koma nkhani yawo inazilala m'makhoti a apilo. Kwathu kuno tili nayo yathu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa pamsewu wa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo kunalengezedwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Mlandu wa 1995, umene munali Dr Kamuzu Banda ndi John Tembo, unatha mu Disembala khoti litawapeza osalakwa. Koma apolisi amene anapita ku Thambani usiku umenewo anali ana a anthu, olembedwa ntchito ngati mmene inu mukufunira kulembedwa, ndipo patapita zaka zoposa khumi ena a iwo anaima pamaso pa dziko lonse kufotokoza zimene manja awo anachita.

Pamenepa pali phunziro lowawa kwa inu anyamata amene amakunyamulani pa lole nthawi ya kampeni, kukupatsani kachasu, zikwanje ndi ndalama yoti singakwane thumba la feteleza. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wokutumaniyo ali ndi maloya, ali ndi anzake m'maofesi, ndipo sadzalemba pansi zimene wakuuzani. Nkhope imene idzaoneke pa kanema ndi yanu. Tsiku la mlandu iye adzati sakukudziwani, ndipo amayi anu ndi amene azidzanyamula kadengu ka chakudya kupita ku Maula kapena ku Chichiri. Ngakhale mutapulumuka kukhoti, mudzakhala m'mudzi momwemo ndi ana a munthu amene munamukhapa, kukumana nawo pachitsime, pamaliro, kutchalitchi, iwo akudziwa, inunso mukudziwa kuti akudziwa. Kupezeka wosalakwa kukhoti kumatanthauza kuti umboni sunakwane. Sikutanthauza kuti manja ayera.

Inunso amene mukuphunzira kuti mudzakhale apolisi, asilikali, makalaliki a kukhoti, maakauntanti, anamwino, tsiku lidzafika limene wamkulu adzakuikirani pepala patebulo n'kunena kuti, "Ingosainani apa." Werengani. Ngati n'labodza, pemphani kuti lamulolo alilembe ndi dzina lake. Ambiri otuma zoipa amabwerera pamenepo. Mungathe kusamutsidwira kutali, mungathe kuchedwa kukwezedwa, ndipo sindikunamizani kuti kukana n'kopanda mtengo. Woweruza woyamba uja wa ku Nuremberg, amene anati palibe umboni, sanamupulumutse Katzenberger. Koma dzina lake silili pa chigamulo cha imfa.

Mukamva mfuu ya "Wakuba!" pamsika, miyendo isathamange mutu usanaganize. Ngati munthu wagwidwa, mawu oyamba otuluka ndi amene amatsogolera gulu, choncho akhale anu: "Tipite naye kupolisi." Itanani achitetezo a pamsika, amfumu, m'busa, shehe, aliyense amene anthu angamuchitire manyazi. Mutchuleni dzina mnzanu amene watola mwala, chifukwa munthu akamva dzina lake pagulu amakumbukira kuti akuoneka. Zikakukulirani, musadziponye pamoto. Chokanipo, imbani lamya kupolisi, ndipo musatumize kanema wa munthu akufa ngati nkhani yosangalatsa. Mphekesera ikakufikirani pafoni yoti m'dera mwalowa anamapopa kapena kuti gogo wakuti ndiye wamanga mvula, ithere pa inu, monga ikanathera pa mkazi wa wometa uja.

Ndipo mukaitanidwa kukhoti ngati mboni, pitani. Akuba ambiri amene mumadandaula kuti atulutsidwa amatuluka chifukwa mwini katundu atalandira foni yake sanabwererenso, ndipo amene anaona anati alibe nthawi. Mlandu adzauimitsa kawiri kapena katatu, mudzaononga ndalama ya minibasi, mudzakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pitanibe. Akakuimikani m'bokosi, nenani zimene maso anu anaona, ngakhale zikomere munthu amene mumadana naye, ndipo zimene munangomva kwa ena muzisiye panja.